Keke yolembedwa dzina isamachokere kutali

Kale keke inkaoneka pa ukwati pokha. Inkaikidwa patebulo la akwati kudikira nthawi yoidula ndi kugulitsa zidutswa zake kuti banja latsopano lipeze poyambira. Lero mwana akakwanitsa chaka, pamafunika keke. Wina akamaliza Fomu 4, pamafunika keke. Pa bridal shower, pa send-off, potsanzikana ndi mphunzitsi wamkulu amene akupuma pa ntchito, ngakhale pa mwambo wa tiana ta kunazale tovala magawuni okwekwa pansi, keke imayenera kukhalapo. Ndipo siikhala keke wamba, pamwamba pake pamalembedwa dzina la mwini tsiku ndi mawu omufunira zabwino. Kwathu ku Mzimba, kuyambira paboma kukafika ku Edingeni, Embangweni, Jenda, Champhira ndi Luwerezi, mwambowu wazika mizu m'zaka zochepa chabe.

Ine sindidana ndi keke. Ndi chinthu chabwino kuti munthu aone dzina lake litalembedwa ndi kudziwa kuti ena anamuganizira masiku angapo tsikulo lisanafike. Chimene ndikutsutsana nacho ndi maganizo amene afala pakati pathu akuti keke imakhala ndi ulemu pokhapokha ikabwera m'katoni ya sitolo yaikulu ya ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Maganizowa akutidyera ndalama, akutiwonongera zisangalalo, komanso akulanda ntchito amayi ndi achinyamata a m'dera lathu amene amadziwa kuphika. Kwa munthu wokhala ku Mzimba boma ndi kum'mwera kwa bomali, keke yolembedwa dzina iziitanitsidwa kwa wophika wapafupi amene amatidziwa.

Tiyambe taona kumene kachitidweka kanachokera. Ku America kuli masitolo aakulu ngati nyumba zosungiramo katundu, monga Costco ndi Sam's Club, kumene anthu amagula zinthu zambiri nthawi imodzi pamtengo wotsika. M'masitolowa muli gawo lophikira buledi ndi makeke. Wofuna keke amalemba pafomu kukula kwake, mtundu wa zokongoletsa ndi mawu oti alembedwe, kenako amabweranso patapita tsiku limodzi kapena awiri kudzatenga. Ku South Africa nako masitolo aakulu ngati Shoprite, Checkers ndi Pick n Pay amagulitsa makeke a zisangalalo. Kumeneko njirayi imayenda bwino pa zifukwa zoonekeratu: wogula amakhala m'tauni momwemo, amafika kusitolo m'mphindi zochepa, ndipo kunyumba kwake kuli firiji. Ife tatengera zoitanitsa keke kusitolo yaikulu, koma zinthu zimene zimachititsa kuti njirayo iziyenda bwino ambirife tilibe.

Si chinsinsi kuti mabanja ambiri a ku Mzimba ali ndi wachibale ku Joni. Maulendowa sanayambe lero, agogo athu ankapita kumigodi m'nthawi ya Wenela ndi Theba. Ndiye bambo amene ali ku Johannesburg, amene wakhala zaka ziwiri kapena zitatu osamuona mwana wake, amaona makeke okongola m'masitolo a kumeneko. Tsiku lobadwa la mwanayo likayandikira amatumiza ndalama pa Mukuru n'kunena kuti mukagule keke yabwino ku Mzuzu, munditumizire chithunzi pa WhatsApp. Chikondi cha bambo ameneyu n'chenicheni, ndipo sindingachinyoze. Kekeyo ikuimira iyeyo pampando umene watsala wopanda munthu. Koma chimene akufunadi n'choti mwana aone dzina lake ndi kudziwa kuti adadi sanaiwale. Zimenezi sizilira kuti keke iyende mtunda wautali.

Mtundawo tiuone bwino. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Mzimba boma ndi makilomita oposa 100, kudzera m'makhota a msewu wa M1 ku Chikangawa. Wopita ku Jenda amawonjezera pamenepo, ndipo wa ku Embangweni kapena ku Khosolo amatsika pamsewu waukulu n'kukweranso galimoto ina kapena kabaza, m'misewu imene mbali zina ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo kawirikawiri maola awiri amatha munthu asanafike n'paboma pomwe. Makeke ambiri amakutidwa ndi icing wa batala kapena majarini. Batala amasungunuka kutentha kukafika pa madigiri 32 mpaka 35, ndipo m'minibasi yodzaza anthu m'mwezi wa Okutobala kutentha koteroko sikuvuta kufika. Keke ya kirimu wa mkaka ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa akatswiri a zaukhondo wa chakudya amalangiza kuti zakudya zotere zisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri. Tonse tinaonapo keke itafika maluwa atatsetserekera mbali imodzi, zilembo zitasanduka matope a mitundumitundu. Kuwonongeka kwa maonekedwe n'kochepa poyerekeza ndi ana makumi awiri otsekula m'mimba tsiku lotsatira.

Pa ndalama napo timadzinamiza. Timayerekeza mtengo wa keke ya m'sitolo ndi wa mayi wophika paboma n'kunena kuti ya m'sitolo ndiyotsika. Koma keke yolembedwa dzina siitengedwa tsiku lomwe waitanitsalo. Pamafunika ulendo wokaitanitsa ndi wina wokatenga, apo ayi kupempha m'bale wa ku Mzuzu kuti asiye ntchito zake akatithandize. Onjezani thiransipoti yopita ndi kubwerera, chakudya chapanjira, mpando wina umene kondakitala adzafuna mulipire chifukwa katoni ya keke singaikidwe pansi pa matumba a chimanga, ndi tsiku lathunthu limene munthu sanagwire ntchito. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mafuta, shuga ndi ufa wa tirigu inakwera motsatira. M'nthawi ngati ino, kulipira maulendo awiri kuti tingopeza katoni yokhala ndi dzina la sitolo ndi kusewera ndi thukuta la munthu amene akugona m'kachipinda kothithikana ku Joni kuti ana ake aphunzire.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi dzina lenilenilo. Chimene chimasiyanitsa keke imeneyi ndi buledi wotsekemera ndi zilembo zochepa zija zapamwamba. Zikalakwika, ndalama yonse yalowa m'madzi. Mayina athu a ku Mzimba ali ndi malembedwe awoawo. Achingoni ngati Nhlane, Nhlema ndi Mhlanga ali ndi "hl" amene ambiri a kwina satha kumutchula, osanenanso za kumulemba. Thokozile amasanduka Tokozire, Sibongile amasanduka Sibongire, Vitumbiko amataya chilembo panjira. Sindikunena kuti ogwira ntchito m'masitolo aakulu ndi osasamala, ndipo ambiri a ku Mzuzu amalankhula Chitumbuka ngati ife. Vuto ndi kuchuluka kwa manja amene dzinalo limadutsamo. Mayi ali ku Edingeni amauza m'bale pafoni netiweki ikudukaduka, m'baleyo amauza wa pakauntala, wa pakauntala amalemba pakapepala, ndipo wokongoletsa keke, amene ali ndi makeke ena ambiri oti amalize tsikulo, amakopera zimene akuona. Cholakwikacho chimadzaoneka katoni ikatsekulidwa pakhomo, alendo atakhala kale pamipando, sitolo ili kutali.

Palinso za ulemu zimene fomu ya m'sitolo singafunse. Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina lake loyamba pagulu. Agogo aakazi timawaitana ndi chiwongo chawo: NyaJere, NyaMoyo, NyaTembo. Ndinakhalapo pa chisangalalo cha agogo ena amene anakwanitsa zaka 80, pomwe keke yochokera kusitolo ina ya m'tauni inabwera italembedwa dzina lawo laubwana lokha, popanda ngakhale "agogo" kutsogolo. Adzukulu amene anaitanitsa analibe cholinga choipa, anangoyankha funso lakuti dzina ndani. Koma akuluakulu amene analipo anangoti zii, ndipo mwini tsikuyo anaidula kekeyo ataweramitsa mutu. Wophika wa m'dera lomwelo akanafunsa kaye kuti kodi tilembe bwanji, poti ndi munthu wamkulu. Akanathanso kupereka nzeru yoti m'malo mwa mawu achizungu amene agogowo sawerenga, palembedwe "Yewo agogo NyaMoyo" kapena "Tikumutemwani", mawu amene akanawafika pamtima.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi m'kalasi yatsopano ndi kudziwa mayina a ana ndi kuwalemba molondola m'kaundula. Tikudziwa mavuto amene wophunzira amakumana nawo chilembo chimodzi chikalakwika polembetsa mayeso a MANEB, mpaka satifiketi kusiyana ndi chiphaso cha unzika. Mwana amene dzina lake limalakwitsidwa kawirikawiri amayamba kuganiza kuti dzinalo ndiye lovuta, kapena lachimidzi, mpaka kudzisankhira lina lachizungu. Keke ya tsiku lake lobadwa isakhale malo enanso omuphunzitsa zimenezo.

Kwa ife osunga Sabata pali mfundo ina imene sitingaithawe. Maukwati athu ndi zisangalalo zambiri zimachitika Lamlungu. Keke ya kusitolo yakutali ndiye kuti itengedwe Lachisanu, ndipo woitengayo afike pakhomo dzuwa lisanalowe. Kenako igone masiku awiri m'nyumba imene mwina ilibe firiji, kapena ili nayo koma magetsi akuzimazima. Njira ina ndi kulawira Lamlungu m'mamawa n'kumayembekeza kuti wotumidwayo abwera mwambo usanathe. Ena, pothawa zonsezi, amatuma wachibale wa mpingo wina kuti akatenge Loweruka, ngati kuti ntchito imene sitingaigwire tokha imayera tikaipereka kwa mnzathu. Wophika wapafupi amathetsa vutoli mosavuta. Mutha kugwirizana naye kuti aphike Lachisanu masana, akongoletse Sabata litatha kapena Lamlungu m'bandakucha, n'kuibweretsa wapansi kapena pagalimoto ya mphindi zochepa.

Wophika amene mukuonana naye maso ndi maso muthanso kumufunsa zimene waikamo. Si onse amene amadziwa kuti keke ya zipatso zouma, imene ambiri amaikonda pa ukwati chifukwa imakhalitsa, mwamwambo wake wachizungu imathiridwa mowa wa brandy kuti isawonongeke. Makeke ena a chokoleti amathiridwa khofi. Zokongoletsa zina zimakhala ndi gelatin, amene nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe. Palinso ana amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena mazira. Wa pakauntala m'sitolo yaikulu nthawi zina sadziwa mayankho a mafunso amenewa chifukwa siiye amene wasakaniza ufawo. Mayi amene waphika yekha amayankha pomwepo, ndipo mukamuuza kuti achepetse shuga amachepetsa. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti timasupuni 12. Chidutswa chachikulu cha keke ya icing wochindikala, chotsagana ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, chimatha kupyola mlingo umenewu.

Tsopano ndinene zimene otsutsa anganene, chifukwa ali ndi mfundo. Sitolo yaikulu ili ndi mafiriji ndi jenereta. Imapereka lisiti, mtengo wake ndi wodziwika, ndipo imayenderedwa ndi oona zaukhondo. Siingathawe ndi ndalama zanu. Ophika ena a m'makomo amakhumudwitsa: magetsi akazima keke ili mu uvuni imatuluka yaiwisi pakati, ena amaika pa Facebook zithunzi za makeke amene sanaphike okha, ena amalandira dipoziti kenako foni n'kuzima. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wokhala ku Katoto kapena ku Chibavi mu Mzuzu ali ndi chifukwa chomveka chogulira kusitolo imene ili pafupi naye. Mfundo yanga siyakuti sitolo yaikulu ndi yoipa. Ubwino wake wonse, firiji, jenereta ndi ukhondo, umathera pakhomo la sitoloyo. Kuyambira pamenepo keke ili m'manja mwa dzuwa ndi msewu. Lisiti nalo silithandiza kwenikweni ngati kukadandaula kukufuna ndalama yoposa imene mungabwezeredwe.

Mankhwala a wophika wosadalirika ndi kusankha mosamala, osati kuthawira kutali. Ubwino wa tauni yaing'ono ngati Mzimba kapena Jenda ndi woti mbiri ya munthu siibisika. Funsani amene anachitapo ukwati chaka chatha kuti keke anawaphikira ndani. Pitani mukaone kumene amaphikira, madzi amene amagwiritsa ntchito ndi kumene amasunga keke yomalizidwa. Gulani kakeke kakang'ono mulawe musanaitanitse yaikulu. Mawu oti alembedwe muwalembe nokha m'zilembo zazikulu, muwatumize pa WhatsApp kapena pameseji, ndipo iye awabwereze kwa inu. Muuzeni chiwerengero cha anthu amene adzadye kuti akuuzeni kukula koyenera. Mufunseni chimene amachita magetsi akazima, chifukwa wophika wodziwa ntchito amakhala ndi uvuni wa gasi kapena njira ina. Lipirani theka kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni, theka linalo polandira. Musamudzidzimutse: keke ya tsiku lobadwa itanitsani kukadali sabata, ya ukwati kukadali mwezi. Isananyamuke akutumizireni chithunzi kuti muwerenge dzinalo. Ponyamula, katoni ikhale pamalo osalala m'galimoto, osati pampando wopendekeka kapena padzuwa. Ndipo wamalonda aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, akakunyengani, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limamva madandaulo a ogula.

Taganiziraninso kumene ndalama imapita. Ufa wa tirigu umene timaphikira makeke, wambiri umachokera ku tirigu wogulidwa kunja kwa dziko lino. Shuga amachokera ku Dwangwa, Nchalo kapena Salima. Zimenezo sitingazisinthe, kaya keke yaphikidwa kuti. Koma mazira, nthochi, mkaka, ndi makamaka malipiro a manja amene aphika ndi kukongoletsa, zimenezo zikhoza kutsala kwathu. Ndalama imene yabwera kuchokera ku Joni ikalipidwa kwa mayi wa ku Embangweni, mawa imagula mazira kwa woweta nkhuku woyandikana naye, mkucha imalipira fizi ya mwana wake ku CDSS. Ikapita kusitolo yakutali, yatuluka m'boma tsiku lomwe yafikalo. Timadandaula kuti achinyamata onse akuthawira kunja chifukwa kwathu kulibe ntchito, chonsecho ntchito zimene zilipo timazinyamula tokha kukazipereka kwina.

Luso lophikalo silisowa pakati pathu. Ambirife tinaphunzira Home Economics kusekondale. A Pathfinder ali ndi ma honor a Baking ndi Cake Decorating, amene m'makalabu ambiri sachitika chifukwa palibe wowaphunzitsa. Amayi a Dorika amaphikira misonkhano ya misasa chaka ndi chaka, anthu mazanamazana n'kukhuta. Chimene chikusowa ndi uvuni wabwino, zida zochepa zokongoletsera, ndi anthu okhulupirira kuti chophikidwa ndi mnansi chikhoza kukhala chapamwamba. Mpingo umodzi paboma ukhoza kusonkha ndalama, kugula uvuni wa gasi, n'kuitana wophika mmodzi waluso kuti aphunzitse achinyamata Lamlungu lililonse kwa miyezi itatu. Ife aphunzitsi a mawa tikakatumizidwa kusukulu za kumidzi tikhoza kuyambitsa zomwezo m'makalabu a ophunzira.

Pomaliza pali banja limene silingakwanitse keke ya mtundu uliwonse, ndipo mabanja otere ndi ambiri kuposa amene timawaona pazithunzi. Ndaona makolo akutenga ngongole ku banki m'khonde, ena kwa akatapila, kuti mwana wawo asaoneke wotsalira pa mwambo wotsanzikana a Fomu 4, pomwe ndalama ya feteleza sinapezeke. Keke imatha m'mphindi khumi, ngongole imatha miyezi. Tiyenera kuuzana poyera kuti chigumu cha nthochi chophikidwa bwino mumphika, makala pansi ndi pamwamba, chokhala ndi dzina la mwana lolembedwa ndi mtedza wokazinga, chilibe chochititsa manyazi. Pambali pake pakhale chindongwa chozizira bwino, abale aimbe, wamkulu apemphere. Mwana amene wachitiridwa zimenezi wakumbukiridwa mokwanira. Ndipo ife tikakhala aphunzitsi, tisalole kuti kalasi isanduke bwalo la mpikisano wa makeke, pomwe mwana wa wolemera amadula keke ya nsanjika ziwiri pamaso pa mnzake amene wabwera osadya.

Anzanga amene mukumaliza maphunziro chaka chino, makolo anu ayamba kale kufunsa za keke. Auzeni asavutike kuinyamula kuchokera kutali, afunse wophika wa pafupi ndi kumene mwambo udzachitikire. Inu amene muli ndi abale ku Joni, akatumiza ndalama ya keke, afotokozereni mwaulemu kuti paboma kapena pa Jenda pali amene amaphika bwino, ndipo ndalama ya thiransipoti imene yapulumuka mugulire mwanayo nsapato kapena makope. Chithunzi mudzawatumizirabe, dzina la mwana wawo litalembedwa molondola.